Usagulitse Mawu a Amayi Ako Kachiwiri

Lusiya mwananga,

Kuno ku malire kuli lamulo limene palibe analilemba koma aliyense amalimvera, loti katundu sagonetsedwa: wogula akabwera, gulitsa, mawa mtengo utsika. Amalinena a chimanga, a nyemba, ngakhale onyamula matumba pa njinga kupita nawo ku Muloza. Iwenso Lamlungu lapitali unandiuza lomwelo za biti yako, kulira kwa ng'oma ndi zida kumene umaluka pa kompyuta kuti ena aimbepo, uku ukupinda zovala zako. Unati, "Ababa, biti ndi biti. Ndigulitsa iyi, mawa ndipanga ina." Ndinakhala chete, iwe n'kuyesa ndavomera. Sindinavomere ayi. Anagamula ndani kuti chilichonse chimene chapeza wogula ndiye kuti ndi katundu? Lamulo limeneli ine ndinalimvera ndili msinkhu wakowu, ndipo mpaka lero likundiwawa.

Ndikulemba masana ano nditakhala pa desiki la kumbuyo m'kalasi yakale ija, ana ataweruka. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma ukundidziwa, ndikayamba kulankhula ndimathamanga, ndimadula anthu mawu, mapeto ake timakangana za zina. Mawa m'mawa ukwera shapa, minibasi ya ku Mocuba, kuchoka apo basi ya ku Beira kukayamba sukulu yako. Kalatayi uwerenge uli m'njira. Usaiwerenge theka n'kuipinda, chifukwa chimene ndikufuna kunena chili pakati ndi kumapeto, ndipo si chondikometsa ine.

Ndiyambe ndi zimene ndinamva, undikonze ngati ndaphonya. Munthu wina wa ku Maputo, woyang'anira woimba wotchuka, wamva biti yako ija pa foni ndipo waikonda. Unandiphunzitsa wekha kuti biti imagulitsidwa pawiri. Pali kubwereketsa, pamene oimba angapo amalipira pang'onopang'ono, aliyense n'kuimbapo zake, bitiyo n'kukhalabe yako ngati munda wobwereketsa. Ndiye pali chimene akufuna munthu uyu, chimene pa pepala lake alemba kuti exclusivo: alipira kamodzi ndalama yooneka, iwe uichotse paliponse pamene unaiika, usaipatsenso munthu, ngakhale mwiniwe usaigwiritsenso ntchito. Akufuna usaine Lachisanu ukangofika ku Beira. Ndalamayo ikugulira kompyuta ina, popeza yakoyo imazima ukangozula chingwe, ndipo ikulipirira chipinda miyezi ingapo. Ine ndalama yotero ndilibe. Ndiye usayese ndikulankhula ngati munthu amene ali ndi china chokupatsa m'malo mwake.

Koma pamene unkandiwerengera pepala lija pa foni, unadutsa mothamanga pa mzere wina. Mzere woti iwe ukutsimikiza kuti zonse zomveka m'bitiyo ndi zako, palibe wina aliyense amene ali ndi gawo. Unauwerenga ngati ukuwerenga mtengo wa sopo. M'biti imeneyo muli chitini chija chikulira, ndipo muli mawu a amayi ako, amene unawatenga pa kaseti yakale ija. Lusiya, mawu amenewo si ako. Si anganso. Ndinawagulitsa kalekale iwe usanabadwe, ndipo sindinakuuzepo.

Nyimbo imeneyo sinabadwire mu situdiyo. Inabadwira pa mzere wolandira ufa ndi nandolo ku kampu ya othawa kwawo ku Malawi, tsidya la Muloza, nthawi ya nkhondo. Anthu tinathawa mobalalika, mwana njira iyi, mayi njira iyo, ndipo unkatha kukhala m'kampu miyezi osadziwa kuti m'bale wako ali kuseri kwa tenti yachitatu. Amayi ako, a Jasinta, anali mtsikana ndithu nthawi imeneyo. Tsiku lolandira chakudya ankaima pambali pa mzere ndi mng'ono wawo a Roza, amayi ako aang'ono amene iwe umawadziwa ngati munthu wosaseka. A Roza ankamenya chitini chopanda kanthu cha mafuta ophikira ndi sipoko ya njinga, amayi ako n'kumaitana maina a midzi limodzilimodzi moimba. "A ku Mongue muli kuti?" Ochokera kumeneko n'kuyankha, "Tilipo!" "A ku Majaua muli kuti?" "Tilipo!" Ukamva mawu ayankha kutsogolo uko, unkasiya thumba lako pansi n'kuthamangira kukaona nkhope. Anthu anapezana motero, mwanawe. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina akukomoka atapeza mwana amene anali atamulira kale maliro.

Ine tsiku lina ndinayankha "Tilipo!" pa mudzi wosakhala wathu, dala, kuti woimbayo andiyang'ane. Atatha kuimba anabwera nati, "Inu achimwene, ku Majaua munafikako liti? Lilime lanulo ndi la ku Mongue." Ndinati ndinadutsako ndili kumsana. Anati, "Ndiye muziyankha muli kumsana komweko." Umo ndi mmene tinadziwirana.

Tsopano mvetsa ichi. Mudzi ukaitanidwa popanda woyankha, amayi ako sankapitirira msanga. Ankakhala chete, a Roza n'kumenya chitini chokhachokha kanayi, kupereka mpata kuti mwina wina ali kutali sanamve. Kanayi. Pakapanda woyankhabe, ankaitana mudzi wotsatira. Malo aja m'biti yako pamene zonse zimaima n'kutsala chitini chokha chikulira kanayi, pamene unati anthu amapenga napo akamavina, ndi pamenepo. Ndi pa mudzi wa kwa Nampito, pamene sipanayankhepo munthu mpaka kampu inatsekedwa. Sindikuti walakwa kuwavinitsa anthu pamenepo. Amayi ako akanaseka, gule ankamukonda. Ndikungofuna udziwe chimene munthu wa ku Maputo akufuna kugula.

Kulakwa kwanga koyamba kunali phuma. Mtendere utabwera tinakwera malole kubwerera kuno ku Mongue, ine ndili ndi mkazi watsopano, setifiketi ya uphunzitsi yokulunga m'pulasitiki, ndi mutu wodzaza mapulani. Sukulu inoyi tinaipeza makoma okha. Denga kulibe, zitseko kulibe, m'kalasi muno mutamera papaya wobereka kale. Ana ankaphunzira pansi pa mango, kumwamba kukangoda tinkabalalika. Akuluakulu ankati, "Aphunzitsi, dekhani, boma libwera, kuona maso a nkhono n'kudekha." Mwambi umenewo ndinkadana nawo, ndipo kunena zoona mpaka lero sindiukonda. Zaka zonse zija tinadekha m'kampu, tidzadekhenso kwathu? Ndinkafuna Mongue asinthe chaka chomwecho, ndipo ndinkadziona ngati wophunzira ndine ndekha ku Milange konse.

Ndinamva kuti ku Limbe kuli munthu wojambula makwaya n'kumagulitsa makaseti m'misika yonse mpaka kuno ku malire. Dzina lake lenileni silinkatchulidwa, aliyense ankangoti Bwana Kaseti. Ndinanyengerera amayi ako ndi a Roza, tinaoloka, tinakwera minibasi. Anatilowetsa m'kachipinda kokhoma matiresi m'makoma, ndipo tsiku limodzi lomwelo tinajambula nyimbo yonse, midzi yonse, ine ndi wojambulayo tikuyankha "Tilipo!" Atafika pa kwa Nampito, amayi ako anatiletsa ndi dzanja kuti tisayankhe, zikhale mmene zinalili ku kampu. Titatha, Bwana Kaseti anandiitanira m'ofesi ndekha, azimayi atakhala pa benchi panja akudya chinangwa chootcha.

Munthu ameneyu sanandinamize, ndipo ichi n'chimene chimandiwawa kwambiri. Anati, "Aphunzitsi, njira ndi ziwiri. Mukhoza kundibwereketsa nyimboyi, ine ndizikupatsani kangachepe pa kaseti iliyonse yogulidwa, mwezi ndi mwezi, nyimbo ikhale yanube. Kapena mundigulitse yonse, lero lomwe ndikupatseni malata makumi atatu, koma mukatero muiwale." Ndinati, "Bwana, mvula sidikira mwezi ndi mwezi." Anaseka nati, "Osakafunsa kaye eni mawu panjapo?" Tamva, mwananga, wogulayo ndi amene anandiuza kuti ndikafunse. Ine ndinati, "Amenewo Chingerezi sawerenga, za mapepala ndimaona ndine." Pepalalo ndinaliwerenga lonse, ndinamvetsa mzere uliwonse, ndipo ndinasaina mokondwa kuti Bwana aone kuti ku Mozambiki kulinso anthu odziwa Chingerezi. Amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadyetsa ena.

Ndiye ukaona munthu akukuikira tsiku, akuti Lachisanu, akuti pali ena akudikira, dzifunse kuti phumalo ndi la ndani. Ngati biti yako ili yabwino Lachisanu, Lolemba ikhala yabwinobe. Ndipo ukadzimva kuti ukufuna kusaina kuti a ku Maputo aone kuti mtsikana wa ku Milange si mbuli, ika cholembera pansi, tuluka panja, yenda kaye. Magazi amenewo ndikuwadziwa, ndi anga.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuona kaseti itatuluka. Ine ndinkayesa ndagulitsa tepi, kanthu kogwirika kolowa m'thumba. Sindinaganize kuti ndagulitsa mphamvu yoti munthu achite nayo nyimbo chimene akufuna. Bwana Kaseti anati midzi yachuluka, anthu atopa kumvera, ndiye anaidula n'kusiya inayi yokha. Anathiramo kiyibodi. Pachikuto anaika chithunzi cha atsikana ena ovala yunifolomu ya kwaya, ndi dzina la gulu loti silinakhaleko n'komwe. Dzina la Jasinta panalibe, la Roza panalibe. Tsiku lina amayi ako anapita kukagulitsa nyemba ku Muloza, n'kumva mawu awo akutuluka pa wailesi ya wogulitsa makaseti. Anaima nati, "Achimwene, amene akuimbayo ndine." Munthuyo anati, "Eya mayi, ndipo wa kiyibodiyo ndine. Mugula kapena mwangobwera kudzatseka malo?" Anagula. Anatapa ndalama ya nyemba n'kugula mawu awo omwe. Kaseti imene unaipeza m'sutikesi ija ndi imeneyo.

Mpaka pamenepo amayi ako ankayesa kuti malata aja anali malipiro oyamba chabe, nyimbo ikadali yawo, chifukwa ndi mmene ndinawauzira. Zoona zinaululika chaka chotsatira. Kunali mabanja ambiri osapezanabe, ena atatsalira ku Malawi, ena atabwerera ku midzi ina, ndipo a kutchalitchi anaganiza zojambulanso nyimboyo yonse, ndi midzi yonse, kuti izizungulira m'maparishi a mbali zonse ziwiri za malire. Nkhani inafika ku Limbe. Kunabwera kalata, mkati muli kope la pepala lija, siginecha yanga yokongola ili pansi. Nyimbo ili ndi mwini, singajambulidwenso popanda chilolezo. A kutchalitchi anaopa milandu, analeka. Amayi ako anandipatsa pepalalo nati ndiwawerengere m'Chinyanja, mzere ndi mzere, osadumpha. Ndinawerenga. Sanakalipe, Lusiya, bola akanakalipa. Anangoti, "Aphunzitsi, malata ndawaona, ndi abwino. Koma mukanandifunsa. Mwina ndikanavomera." A Roza anatenga chitini chija n'kuyamba kutungira madzi, ndipo m'nyumba mwanga analowanso tsiku limodzi lokha, la maliro a amayi ako, iwe uli ndi zaka zinayi.

Sindikufuna kukunamiza kuti zonse zinali kutaya. Malata aja ndi awa ali pamutu pangawa. Achita dzimbiri, pakona apo akudontha, koma ana ambirimbiri aphunzira pansi pake, iwenso kulemba dzina lako unaphunzirira pompano. Masiku ena ndimawayang'ana n'kunena kuti ndinachita bwino. Masiku ena ndimaganiza za munthu mmodzi yekha, kaya anali ku Phalombe kaya kuti, amene akanamva dzina la mudzi wake pa kaseti ya kutchalitchi ija n'kuyankha. Ziwirizi ndalephera kuziika pa sikelo imodzi. Choncho sindikuti kugulitsa kotheratu ndi tchimo. Uli ndi mabiti ena m'kompyutamo amene unawapanga masana amodzi uku ukutafuna nzimbe. Amenewo gulitsa, exclusivo kaya chiyani, ndipo mtengo uzitchula osachita manyazi. Koma pali zina zimene sungapange inzake mawa. Amayi ako sadzaimbanso, mwanawe.

Ngakhale pa amene ungagulitsewo, funsa mafunso amene ine ndinawaona ngati ochedwetsa. Akugula kwa zaka zingati, kapena mpaka iwe ndi adzukulu ako mutatha? Dzina lako lilembedwa pati nyimbo ikatuluka? Ikamaulutsidwa pa wailesi ndi pa intaneti gawo lako lilipo, kapena ndalama ya tsiku loyamba ndiyo yomaliza? Akapanda kuitulutsa n'kungoisunga, ibwerera liti kwa iwe? Akhoza kuidula, kuiika pa malonda a mowa kapena pa msonkhano wa chipani iwe osafunsidwa? Zonsezi zilembedwe, za pakamwa pa foni zimauluka. Pepalalo upite nalo kwa munthu wodziwa malamulo, kusukulu kwanuko sangasowe, ngakhale Chipwitikizi umachidziwa kuposa ine. Kudziwa chilankhulo cha pepala sikuteteza munthu, umboni ndine. Ndipo mafayilo ako oyambirira, aja chida chilichonse chili pachokha, usatumize munthu asanalipire. Ukatero wagulitsa chimanga ndi mbewu yomwe.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene ndakhala nako nthawi yaitali, kukhala chete. Unapeza kaseti ija uli ndi zaka khumi ndi zitatu, unaizunguliza ndi cholembera kuti tepi ibwerere m'malo, unakabwereka wailesi kwa aneba. Unandifunsa kuti, "Ababa, bwanji pachikuto si amayi?" Ndinati osindikiza analakwitsa. Unandikhulupirira. Chaka chatha utayamba kudula mawuwo n'kumawaluka ndi ng'oma zako za m'kompyuta, ndinkaima kuseri kwa chitseko kumvetsera, ndipo kangapo ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ndinkaopa kuti udzandiyang'ana mmene amandiyang'anira a Roza. Mantha angawo akanakufikitsa posainira bodza pamaso pa anthu a ku Maputo, tsiku lina wina n'kutulukira ndi pepala langa lija, mlandu n'kugwera iwe. Usamabisire munthu nkhani ya chinthu chake chomwe. Ukadzagwira ntchito ndi woimba, ndi wa gitala, ndi aliyense amene waikamo mawu kapena dzanja, uzimuuza zonse musanagulitse. Wokhala pa benchi panja uja uzimuitana alowe.

Tsopano ndikuuze kumene ndinali Lolemba ndi dzulo, pamene unkayesa ndili ku msonkhano wa aphunzitsi m'tauni ya Milange. Ndinaoloka malire, ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Nyumba yojambuliramo ija pano akugulitsamo zikuto za mafoni, ndipo Bwana Kaseti anamwalira kalekale. Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu ndithu, wosoka zovala ku Bangwe. Nditafotokoza anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. Anati, "Bambo, mwachokera ku Mozambiki chifukwa cha kaseti? Anzanu amabwera kudzafunsa za nyumba za malemu, inu kaseti?" Ananditengera kuseri, kumene kuli makatoni a bambo awo. Tinafufuza mpaka dzuwa linapendeka.

Tepi yaikulu ija, imene inali ndi midzi yonse, tinaipeza. Madzi analowa m'katonimo chaka china cha mvula yambiri. Inali itamatana, itachita nkhungu, ndipo nditaikoka pang'ono inanyenyeka m'manja ngati tsamba louma la fodya. Ndinakhala pansi pomwepo, mphunzitsi wamkulu ndi jekete yanga, mayi uja n'kupita kukanditungira madzi. Ndiye kuti mawu a amayi ako amene atsala pa dziko lino ndi okhawo a pa kaseti yako, midzi inayi ndi chitini kanayi. Ukamaganiza za Lachisanu, ukumbukire zimenezo.

Pepala lija linapulumuka, linali m'fayilo ya pulasitiki. Ndinafunsa kuti ndipereke chiyani kuti nyimboyo ibwerere. Anati, "Ndikugulitseni chiyani, nkhunguyi? Ababa ankaiimba nyimbo imeneyi akamameta ndevu, mpaka tinatopa nayo. Tengani." Analemba kuseri kwa pepalalo kuti banja lawo likubweza nyimboyo, anasaina, mchimwene wawo anasainanso. Atafika polemba dzina la wolandira anandiyang'ana, cholembera chili m'mwamba. Ndinati asiye mpata. Dzina limenelo silinali loti nditchule ndekha kachiwiri. Pepala limeneli nalonso ukalionetse kwa wodziwa malamulo uja, usakhulupirire maso anga okha.

Lero m'mawa ndinapalasa njinga kupita kwa a Roza. Ndinawapeza akupeta nyemba. Mpando sanandipatse. Ndinaima pabwalo n'kunena zimene ndinayenera kunena zaka zonse zija, kenako ndinawawerengera pepalalo m'Chinyanja, kutsogolo ndi kuseri. Anati, "Alamu, inu othamanga pa zonse, apa pokha mwayenda ngati nanzikambe." Ndinawauza za biti yako ndi za munthu wa ku Maputo, ndinaiyatsa pa foni kuti amve. Chitini chitalira kanayi anasiya kupeta. Anati, "Mwanayu wachichedwetsa, ine ndinkamenya mofulumirirapo." Kenako anati, "Akafuna kugulitsa, adzandifunse ndi pakamwa pake. Mwina ndidzavomera." Sindinawapemphe kuti aimbe. Analowa okha m'nyumba, anatuluka ndi mbale yachitsulo ndi supuni, nayamba kuitana midzi ndi mawu osasa, ine ndikujambula pa foni. Yambiri akuikumbukira. Pa malo awiri dzina linawathawa. Sanadzikakamize, anangomenya mbale kanayi n'kupitirira.

Ndiye ndi zimenezo, Lusiya. Biti unapanga ndiwe, usiku ndi usana unatopa nayo ndiwe, ndipo chisankho sindikulanda, ndinalanda kale cha anthu awiri. Koma Lachisanu umuuze munthu ujayo zoona, kuti m'bitimo muli dzanja la a Roza ndi mawu a mayi amene iwe ukuwaimira. Akafuna kubwereka, bwereketsa, maina a Jasinta ndi Roza alembedwe pamodzi ndi lako. Akakakamira kuti yonse kapena ayi, usayankhe tsiku lomwelo. Imbira foni amayi ako aang'ono, muyankhe awiri. Mwina munthuyo apita osabweranso, kompyuta yako n'kukhala pa chingwe chaka china chathunthu. Zimenezo ziwawa, ndipo ine ndilibe mankhwala ake. Koma usagulitse mawu a amayi ako kachiwiri mmene ndinagulitsira ine, mothamanga, pa wekha, eni ali panja.

Ndisanachoke kwa a Roza ndinawafunsa kuti pa mpata uja palembedwe ndani. Ananena, ndipo ndinalemba iwo akuona: Roza ndi Lusiya. Langa sindinalembepo. Nditafika kunyumba iwe uli kokatsanzika anzako, ndinachotsa kamemori kadi m'foni, ndinakakulunga pamodzi ndi pepalalo m'pulasitiki ija ya setifiketi yanga, ndipo ndinazisokera m'kati mwa chikwama chako, mbali ya kumsana.

Ndine ababa ako osadekha aja,
Bernardo